Nkhuti ya Olapa pa Kanyerere

Moni kwa inu, owerenga okondedwa, kulikonse kumene mwakhala. Tiyambe ndi kuthokoza Mulungu amene watisunga mpaka lero, natipatsa mpweya, maso owerengera, ndiponso kuseka, kumene ena amaiwala kuti nakonso kunachokera kwa Iye. Zikomo inunso pobwera. Tiyeni tikwere mapiri a pakati pa Dowa ndi Ntchisi, tibwerere ku zaka zija msonkho wa nyumba unali ukadali wachilendo, azungu a mishoni akuyenda pa machila.

Pa mudzi wa Kanyerere panali mayi wina dzina lake Nachisale, wamtali, wa mapewa otakata, amene ankatha kusenza mtsuko pamutu, mwana kumbuyo, nkhuni m'khwapa, n'kumaimbabe nyimbo pokwera chitunda. Mayiyu anali wa kalasi, ndiko kuti mmodzi wa ophunzira Mawu podikira ubatizo. Anakhalitsa m'kalasimo mpaka amene anayamba nawo anabatizidwa, nabatizitsanso ana awo. Dzina lachikhristu anali atasankha kale: Kezia. Ankaliyeserera ali yekha pa mtondo. "Kezia, mbuzi zalowa m'munda! Kezia, tandigawireniko mchere!" Akatero ankadziyankha yekha mwaulemu, n'kuseka. Koma dzinalo silikanakhala lake madzi asanamugwere pamutu, ndipo mbusa wobatiza ankafika kamodzi kokha pachaka, mvula ili pafupi.

Mbusayo anali mzungu wamtali, wowonda, ndipo anthu anamutcha Kanjedza. Ulendo wina anapeza Akhristu a pa Kanyerere akupemphera m'chisakasa cha udzu, chiswe chikuyoyokera pa buku lake. Anauza akulu a mpingo kuti akadzabweranso akufuna kupeza nyumba ya njerwa. Akuluwo anafunsa kuti aumba njerwazo ndani, popeza anthu ali ndi minda, enanso ali kutali kukasaka msonkho. Iye anati, "Amene ali pa chilango aonetse zipatso za kulapa ndi manja awo." Atatero anakwera machila napita.

Chilango chinali chotere: Mkhristu wolakwa ankaletsedwa Mgonero, wa kalasi ankaimitsidwa ubatizo, mpaka akulu atakhutira kuti munthuyo walapadi. Tsopano panawonjezeka nkhuti, dzenje lalikulu lokumbamo dothi kuseri kwa chisakasa. Wolakwa aliyense ankalowa mmenemo kuponda matope, kudzaza chikombole ndi kusenza njerwa.

Poyamba zinayenda bwino. Wina anaba mbuzi, wina anamenya mkazi wake, wina anapezeka atagona m'mizere mowa utamukwana, ndipo onse analowa m'nkhuti. Khoma linakwera mpaka m'mawondo. Koma taonani zodabwitsa! Anthu ataona anzawo akuponda matope dzuwa lili paliwombo, anasiya kuchimwa. Mbuzi zinkagona panja osasowa. Amuna anayamba kuitana akazi awo ndi mawu ofewa. Mpingo unayera, ndipo khoma linaima.

Kumwamba kuyenera kuti kunali chimwemwe, koma pansi pa mkuyu, pamene akulu a mpingo ankakumana, nkhope zinali zakugwa. Wotsogolera wawo anali a Elifala, munthu woopa Mulungu, wa jekete loyera limene mbusa anawapatsa. Analinso msuweni wa Nachisale, mwana wa malume ake, ndipo mukudziwa kuti msuweni saopedwa, ngakhale avale jekete.

Palibe mkulu ngakhale mmodzi amene ananena kuti tiyeni tiname. Ankangokumana, kutsegula ndi pemphero, n'kuyang'ana khoma lija. Kenaka wina ankatsokomola nati, "Kodi za uje mwamva?" Maso awo anayamba kuthwa. Manesi, mnzake wa Nachisale, anapita ku nkhuti chifukwa anaseka mbuzi italowa m'chisakasa pakati pa pemphero ndi kuyamba kutafuna nsalu ya mlaliki. Mwamuna wina anapita chifukwa choimba likhweru pa Sabata. Wina phazi lake linaoneka likugwedezeka ng'oma za gule zikulira kuseri kwa phiri. Khoma linayambanso kukwera.

Nachisale analowa koyamba chifukwa cha thobwa lake limene linagonetsa, n'kuwawasa pang'ono. Akulu analawa, nalawanso kuti atsimikize, nagamula kuti ndi mowa. Iye analira, navomera, naponda matope ngati anthu atatu. Atangomasulidwa, anapezekanso wolakwa chifukwa cholira mokweza pa maliro a azakhali ake, monga olira opanda chiyembekezo. Anabwereranso m'nkhuti. Ndipo apa ndipo pali powawa, abale: Nachisale anakhulupirira zonsezi. Anadziona kuti ndi mtsuko wong'aluka umene sungasunge madzi a chisomo. Anasiya kudzipempherera. Ankapempherera ana ake, mwamuna wake, mvula, ngakhale nkhuku, koma za iye mwini ankati, "Mulungu watopa nane, ndisamusowetse mtendere."

Nyengo ya masuku itafika, khoma linali litadutsa mazenera, ndipo mbiri inamveka kuti Kanjedza wayamba kale kuyendera midzi ya kumunsi. Nachisale anali womasuka nthawi imeneyo, akuyenda ngati wosenza mazira. M'mawa wina anamva odi pakhomo.

"Ee, amuna anga afika!" anafuula. "Lowani, asuweni. Mwandibweretsera nsalu, kapena mwangobwera ndi ndevu zokha?"

"Nachisale, ndabwera ngati mkulu wa mpingo," anatero a Elifala.

"Mkulu wa mpingoyo aime pompo. Msuweni wanga akhale pa mpando, adye masuku."

A Elifala anakhala, natola suku limodzi m'lichero, natolanso lina. Maso awo ankayendayenda pabwalo ngati a munthu wofuna nkhuku yoti agule. Anayang'ana miphika, anayang'ana m'khosi mwa mwana, osapeza kanthu. Pomaliza anayang'ana m'dzanja lawo lomwe.

"Masuku awa munatola liti?"

"Dzulo, pochokera ku mapemphero. Anali pansi m'njira, ndinangowerama."

"Dzulo linali Sabata."

"Ndiye kuti tchimo langa lili m'kamwa mwanumo," anatero Nachisale, akuseka.

A Elifala analavula nthangala, koma sanaseke. Anayang'ana pansi nati, "Mawa mupite ku nkhuti."

Kuseka kunathawa. "Asuweni, mbusa ali m'njira. Mukandiika pa chilango tsopano, andipitiriranso."

"Chaka chamawa chiliko."

Ananyamuka msanga, osatsanzika n'komwe. Inu amene mumadziwa Malembo mwakumbukira kale ophunzira aja amene anabudula ngala m'munda pa Sabata, ndi mmene Ambuye anawaikira kumbuyo. Koma Nachisale sanakumbukire zimenezo. Anangoyang'ana dzanja lake nati, "Iwe dzanja, unaweramiranji?"

Anali m'nkhuti ndi anzake, matope m'mawondo, pamene a Nowa anafika kudzaona ntchito. A Nowa anali mkulu wa mpingo wokalamba koposa onse, wofatsa, wolira msanga pa nyimbo, munthu amene mtima wake unkakhala pakamwa. Anaima m'mphepete mwa dzenje, nayang'ana khoma, nayang'ana mitambo imene inayamba kuunjikana pa phiri la Ntchisi. Anausa moyo, nakweza maso kumwamba, nanena ndi mtima wonse monga munthu wopemphera:

"Ambuye akangotipatsa ochimwa ena amphamvu ngati Nachisale sabata ino, denga tikweza mvula isanagwe."

M'nkhuti phazi la aliyense linaima pomwe linali.

Manesi, mayi wamfupi wa pakamwa pothamanga, anatembenuka pang'onopang'ono, kuyang'ana anzake mmodzimmodzi. "Anthu inu," anatero, "tadziyang'anani. Muno muli wa chifuwa? Muli wotsimphina? Muli nkhalamba? A Nowa, kodi Satana masiku ano amangoyesa a misana yolimba okhaokha?"

"Mlamu wanga uja amatukwana kuyambira m'mawa mpaka madzulo," anatero mwamuna wa likhweru uja, "koma sanaitanidwepo pa mkuyu."

"Angaitanidwe bwanji? Mikono yake ili ngati mapesi!" anayankha Manesi.

Wina anayamba kuseka, kenaka wina, kenaka nkhuti yonse inaphulika. Nachisale anayesa kudzigwira, koma chinthu china chimene chinamufinya pachifuwa kwa miyezi yambiri chinaduka ngati luzi lovunda. Anaseka mpaka anakhala m'matope kuti thapsa! Anagwira mkono wa Manesi, misozi ikutsika, nati, "Manesi, ndiye kuti Mulungu sanatope nane? Ndi khoma lokha limafuna ine?"

"Khoma limakukondani, mayi! Limakulotani usiku!"

Mnyamata wina anagubuduza chikombole nayamba kuchiomba ngati ng'oma. Manesi anatsogolera, onse akupolokezana, mapazi akuponda matope motsatira:

"Tchimo lako n'chiyani? Msana!
Tchimo langa n'chiyani? Msana!
Wowonda ndi woyera, wonenepa alape,
tchimo lathu n'chiyani? Msana!"

Matope ankauluka mpaka pa khoma. A Nowa anaima, dzanja pakamwa, pakuti anali atamva mawu awo omwe ndi makutu a anthu ena. Anatembenuka, nachoka.

Chimwemwe chikakwera kumutu chimaposa mowa. Masana a tsiku lomwelo Nachisale, asanasambe n'komwe, analunjika pa mkuyu pamene akulu anali atangotsiriza pemphero lotsegulira. Anagwada chapatali monga mwa ulemu, naomba m'manja, matope owuma akuyoyoka m'mikono.

"Zikomo, akuluakulu. Ndamva kuti ntchito ya Ambuye yasowa ochimwa. Ndakupezerani."

A Danieli, mkulu wina waukali, anawerama kutsogolo. "Amphamvu?" Liwulo linatuluka asanaligwire.

"Onenepa bwino. Misana yawo ndi yatsopano, sinalawepo njerwa."

"Analakwa chiyani?" anafunsa a Elifala.

"Amanamizira anzawo. Amatenga munthu wosalakwa n'kumuuza kuti Mulungu wamukwiyira."

"Limenelo ndi lalikulu," anatero mkulu wina, akupukusa mutu. "Ali kuti anthu amenewa?"

"Ndawagwadira, bambo."

Nkhuyu inagwa mumtengo, ndipo aliyense anaimva. A Danieli anaimirira, ndodo m'mwamba, akufuula kuti mkazi wa pa chilango, wosabatizidwa n'komwe, watukwana odzozedwa. A Elifala anatuwa milomo.

"Nachisale, chisuweni chili ndi malire."

"Asuweni, masuku aja anali okoma?"

"Kuyambira lero mwachotsedwa m'kalasi. Mukafuna ubatizo, mudzayambirenso ndi ana."

Pobwerera kunyumba chimwemwe chija chinatsikira m'mapazi. Zaka zonse za m'kalasi anazitaya ndi lilime lake. Anafika pa mtengo uja umene anatolapo masuku, naima, ndipo kwa nthawi yoyamba m'miyezi yambiri anadzipempherera, maso ali chitsegulire, mawu ali pamwamba ngati munthu wokamba ndi mnansi kuseri kwa mpanda. "Ambuye, ndi ine. Mwaona zimene ndachita. Pakamwapa munandipatsa ndinu. Dzina lija ndikulifunabe. Kaya muchita bwanji, mukudziwa nokha."

M'mawa mwake anapitabe ku nkhuti, popeza sanadziwe kwina kopita. Anapeza anzake ataima m'mphepete, onse kukamwa yasa. Pa chitsamba panapachikidwa malaya. M'kati mwa dzenje munali a Nowa okhaokha, nsalu atakwinyira m'chiuno, miyendo yawo yowonda ngati ya kakowa ikumira ndi kuzuka m'matope.

"Agogo, tulukani, muthyoka!" anafuula Manesi.

"Ndadziika pa chilango," anayankha a Nowa, akupuma wefuwefu. "Musandithandize. Pitani mukakhale pa mthunzi. Ndinapempha Mulungu kuti anthu ake achimwe. Ine, Nowa! Ndi pakamwa pomwe ndimaimbira."

Mbiri inathamanga m'mudzi ngati moto wa m'tchire. Dzuwa lisanakwere, anthu onse anali pa nkhuti. Mkulu wina anafika, naima, nayang'ana nkhalamba ija, navula malaya. Wina anachita kukankhidwa ndi mkazi wake, amene anamuuza pamaso pa anthu kuti, "Lowani, bambo, ndinakumvani mukufunsa ngati mwana wa achemwali anga ali ndi mphamvu." A Danieli anabwera, nalavula pansi, napita ku dimba kwawo. Olapa akale anakhala ndanda pa mulu wa njerwa ngati oweruza milandu, akupereka malangizo.

"Kwezani bondo, akulu! Dothi silimva ulaliki!"

"Uyo akungosisita! Ameneyo sanalape!"

A Elifala anaima m'mphepete, jekete lawo lili mbee, osalowa, osachokanso. Nachisale sanawanyoze. Ankangowayang'ana, ndipo iwo ankayang'ana kwina kulikonse.

Ndi pamene kumunsi kwa chitunda kunamveka nyimbo ya onyamula machila. Kanjedza anali atafika msanga kuposa mmene ankamuyembekezera. Panalibe nthawi yosamba kapena yofola m'njira ndi nyimbo yomulandira. Onyamula anatula machila pafupi ndi khoma. Mbusa anatuluka, nadziwongola, naona khoma lalitali lofiira, nkhope yake niwala.

"Elifala! Mwachita bwino kwambiri! Ndakhala ndikuuza mipingo yonse kuti atengere Kanyerere." Kenaka anatembenuka naona nkhuti. Anavula magalasi, nawapukuta, nawavalanso. "Kodi awo si akulu a mpingo?"

"Ndi iwowo, mbusa."

"Akuchita chiyani m'menemo?"

"Akupereka chitsanzo cha..." A Elifala anaima. Khomo lothawira linali lotseguka, ndipo mzunguyo anali atayamba kale kugwedeza mutu movomera. Akanangomaliza mawuwo, akanatamandidwa kawiri. A Nowa okha ndiwo ankamveka m'matope, tchapu, tchapu, tchapu.

A Elifala anayamba kumasula mabatani a jekete.

"Ayi, mbusa. Ali pa chilango, ndipo ine ndachedwa kulowa. Khoma mukuliyamikirali tamanga ndi milandu yopeka. Ochimwa enieni atatha, tinayamba kupanga athu. Sitinganene kuti anachita ndi uje, pakuti palibe anayambitsa. Tinkatsegula ndi pemphero, kutseka ndi pemphero, ndipo pakati pa mapemphero awiriwo tinkagwira anthu a Mulungu ngati ng'ombe. Wachimwa ndi mpingo."

Kanjedza anafiira ngati dothi la katondo. "Ine sindinakuuzeni kuti muchite zimenezo!"

"Zoona, mbusa, simunatiuze," anayankha a Nowa ali m'dzenje, mwaulemu wonse. "Munangotiuza kuti mukufuna khoma, ndi kuti aumbe ndi ochimwa. Titakutumizirani mawu kuti ochimwa achuluka pa Kanyerere, munayankha kuti tikugwira ntchito yabwino. Simunafunse kuti mudzi waung'ono chotere machimo ukuwatenga kuti."

Mbusa ananena kuti nkhaniyi ndi yofunika kukambidwa ku mishoni, mwadongosolo. Anayenda kukafika pa khoma, naligwira ndi chikhato, nakhala choncho nthawi yaitali. Onyamula machila, amene anali atakhala pa mthunzi akusenda nzimbe, anayamba kugwirana zigongono. Kenaka mzungu uja anakhala pa njerwa, nayamba kumasula zingwe za nsapato.

Ana anakuwa. Palibe pa Kanyerere anali ataonapo mapazi a mzungu, ndipo panali mkangano wakale wakuti ali ndi zala kapena ayi. Zala zinalipo, zotuwa ngati mphutsi za m'chipika. Mbusa anapinda buluku, natsetsereka kulowa m'nkhuti, naponda kawiri, kachitatu dothi linamukana, nagwa chagada kuti phwa! Amayi anaimba nthungululu. A Nowa anamudzutsa, ndipo awiriwo anagwirana mapewa kuti asagwenso. Wina anayambitsa nyimbo ya kulapa imene ankaimba Mgonero usanayambe, nyimbo yolemera, yoyenda pang'onopang'ono, koma mapazi a m'matope anaifulumizitsa mpaka inayamba kudumpha ngati mwana wa mbuzi. Ena ankalira, ena ankaseka, ambiri ankachita zonse ziwiri.

Mwamuna wa likhweru anaimirira nati khomalo ligwetsedwe, popeza ndi lonyansa.

"Mugwetse thukuta langa?" anafuula Manesi. "Mulisiye! Aliyense wolowa azidziwa kuti mpingo nawonso umachimwa."

Dzuwa litapendeka, mbusa anatuluka m'dzenje ali wofiira kuyambira kumutu mpaka kumapazi, nafunsa kuti a kalasi oyenera ubatizo ndi ati. Apa panabuka vuto. Lamulo linkati opereka anthu ku ubatizo ndi akulu a mpingo, ndipo omasula munthu pa chilango ndi akulu omwewo. Koma akulu onse amene analipo anali pa chilango, mbusa yemwe anali atadzilowetsamo, ndipo munthu wa pa chilango sagamula mlandu. Anayang'anizana, matope akudontha m'ndevu.

"Palibe angatimasule," anatero a Elifala, "koma okhawo amene tinawamanga."

Anatuluka m'nkhuti, nayenda mpaka pa mulu wa njerwa pamene panakhala Nachisale. Anagwada pansi, mkulu wa mpingo pamaso pa mkazi wochotsedwa m'kalasi, naomba m'manja.

"Nachisale, thobwa lija linali thobwa. Pa maliro paja munalira monga olira onse. Masuku anali a Mulungu, ndipo ndinadya nawo. Tikhululukireni."

Nachisale anali atakonza mawu oseketsa ambiri, koma onse anamuthawa. "Asuweni," anatero chapansipansi, "za msana sindikudandaula, msana umapola. Koma munandichititsa kuopa Atate wanga. Ndinasiya kuwauza za ine. Ndinkaima pakhomo pawo ngati galu wakuba. Chimenecho ndicho munandibera."

A Elifala analira ngati mwana, ndipo panalibe woseka.

Nachisale anawaleka alire pang'ono. Kenaka anapukuta maso ake, nakweza chibwano monga mmene akulu ankachitira pa mkuyu, nakulitsa mawu. "Mawu tamva. Koma tione kaye zipatso. Apatseni chikombole!"

Anawapatsa. A Elifala anadzaza dothi, nasalaza pamwamba, nanyamula mwamantha, nakhuthula pansi. Chimene chinatuluka sichinali njerwa, sichinalinso mkate. Chinapendekera mbali imodzi, n'kukhala pansi ngati chule. Nachisale anachizungulira, manja kumbuyo, akupukusa mutu.

"Kulapa kumeneku n'kokhota," anagamula. "Koma kwayamba. Dzukani, amuna anga, ndakukhululukirani. Anzanga, awa tiwamasule?"

"Amasuke!" anayankha onse a pa njerwa.

"Koma mawa abwerenso!" anawonjezera Manesi.

A Elifala anadzuka, natembenukira kwa mbusa, nati ndi mawu osweka, "Woyamba ndi uyu. Anayenera kale."

Ndisakunamizeni kuti zonse zinakonzeka tsiku limenelo. Denga silinakwere chaka chimenecho, ndipo mvula inagwetsa ngodya imodzi ya khoma. Analimaliza chaka chinacho ndi manja a ofuna okha, akulu ali patsogolo, ndipo chilango sichinalowenso m'nkhuti. A Danieli anakhala nthawi yaitali osaponda pa mapemphero. Mbusa uja anachoka pa Kanyerere atagona m'machila, pa mapewa a anthu ena, osaona kuti pamenepanso pali funso. Kulapa kwa mpingo sikutha ndi tsiku limodzi.

Koma madzulo a tsikulo anthu analowa m'nyumba yopanda denga ija, nakhala pansi pa dothi, mitambo ikuyenda pamwamba pawo. Mbusa anali atasamba m'manja, ngakhale m'makutu munali mukadali matope. Nachisale anagwada kutsogolo, mbale ya madzi ili pambali. Anayankha mafunso onse asanamalize kufunsidwa.

"Dzina lanu?" anafunsa mbusa.

Nachisale anatsegula pakamwa, koma kuseka ndi kulira zinakumana pakhosi, osapatsana njira. Manesi anayamba kunong'oneza kumbuyo kuti amuthandize.

"Khala chete, iwe, ndi langa!" anatero Nachisale. Anakoka mpweya wonse wa m'mapiri aja, nafuula mpaka akhwangwala anauluka pa khoma: "Kezia!"

Madzi anatsika pamutu pake, ozizira, nalowa m'maso, natsikira m'khosi. Sanawapukute.

Tsono inu amene mwawerenga, Mulungu wachifundo akusungeni. Ngati nyumba yake inakusenzetsani katundu amene Iye sanakupatseni, akutuleni, akubwezereni kulimba mtima kolankhula naye monga mwana wa pakhomo. Ngati ndinu osenzetsa ena, akupatseni chisomo chovula jekete dzuwa lisanalowe. Mipingo yathu aiphunzitse kugwada, ndipo pogwadapo aidzaze ndi chimwemwe. Mtendere wake ukhale pa inu ndi pa a m'nyumba mwanu. Amen.